Ulusi wa Maliro

Kalekale, ana inu, ndi akulu amene mwazolika mitu uko, kunali Kangaude, mwini mauthenga. Wofuna kulengeza kanthu ankamunong'oneza, iye n'kugwedeza ulusi: ndiii! Nkhani iliyonse inali ndi ulusi wake, wa mvula, wa matenda, wa maliro. Ukamanga ulusi kukhutu, mauthenga ankafika mondondozana ngati nyerere. Wachiwiri sunkabwera usanapite kumene woyamba wakutuma n'kuyankha kuti, "Ndafika."

Bambo a Nalimata anadwala mwezi wathunthu. Ulusi wa matenda unalira, ndiii, ndiii. Anabwera Chule yekha, ndi kaphala.

Nkhalambayo itamwalira, Nalimata anapita kukalengeza. Kunyumba anasiya mbuzi imodzi yoti aphe pamaliro. Kwa Kangaude anapezako Nguluwe, malume ake, dovu lili chuchuchu.

"Malume, simunamve kuti bambo akudwala?"

"Ulusi wa matenda umandiyabwa khutu, mphwanga. Ndabwera kudzamanga wa maliro. Kumeneko n'kumene chibale chimaoneka."

Nalimata anaganiza za mbuzi ija. Anaganiza za Chule.

"Zoona, malume. Komatu Kangaude amasunga mauthenga onse, ngakhale akale. Munthu wamkulu ngati inu n'kuyambira pakati? Nanga nyama ya maliro amene anakudutsani adye ndani?"

"Iwe Kangaude!" anakuwa Nguluwe. "Undiyambire pachiyambi penipeni! Usadumphe ngakhale umodzi!"

Ndiii! "Maliro kwa Njati."

Nguluwe liwiro, thi thi thi. Anapeza pamanda patamera mkuyu, mbalame zikudya nkhuyu. "Ndafika!"

Ndiii! "Maliro kwa Nungu."

Thi thi thi. Anapeza wamasiye anakwatiwanso kale, ali ndi zidzukulu. "Ndafika..."

Ndiii! Ndiii! Mapiri, madambo, minga.

Kumudzi anaika maliro mwaulemu. Mbuzi anadya amene anakumba manda, chiwindi chonse n'kupatsa Chule.

Uthenga wa bambo a Nalimata unamufika Nguluwe mvula itagwa n'kutha. Anafika akudzandira, nthiti zili pamtunda. Padzala anapeza nyanga ziwiri za mbuzi ija, chiswe chitamangapo.

"Mwafika, malume?" anatero Nalimata ali pakhoma. "Bambo anakudikirani mwezi. Nyangazi zakudikirani chaka. Tafunani, musachite manyazi, ndinu abale."

Nguluwe asanatsegule pakamwa, kukhutu kwake: ndiii!

Nthano yagona pamenepo. Amene khutu lamuyabwa akande, tamuona. Womvera ulusi wa maliro wokha, tsiku lodwala iye adzadziphikira yekha phala.