Mlatho wa Mapewa ku Kadzimete

Kalekale, phula lisanafike m'matauni aang'ono, kunali a Mposadala, tcheyamani wa msika wa ku Kadzimete. Ankayenda chonchi, taonani: mimba patsogolo, manja kumbuyo, khosi gwa! Akatsegula pakamwa: "Ehee-hem! Ife a ku Kadzimete sitichititsidwa manyazi!"

Tsono boma linalengeza kuti ndalama za msewu wa phula zilipo, koma za tauni imodzi yokha: Kadzimete kapena Thundulo. Mkulu wa misewu, a Chikakuda, abwera okha kudzaona kumene kwavutitsitsa.

Ku Kadzimete kunali kovutadi. Maenje ake, ee! Ng'ombe ikagweramo lero, kulira kwake mumakumva mawa. Mlatho unapita ndi madzi. Matimati ankaolera m'madengu, odwala ankawoloka ali kumsana.

Galimoto ya bwana inayambira ku Thundulo. Inatitimira m'matope mpaka m'mawindo. A Chikakuda anatulukamo ndi nsapato imodzi.

A Mposadala atamva, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Mlendo kumulandira ndi matope? Anthu osaleredwa! Ife timuonetsa ulemu."

Mayi Nasiyani, ogulitsa matimati, anafunsa: "A tcheyamani, tikabisa maenje, phulalo atipatsa la chiyani?"

"Mayi inu, mlendo akamabwera simusesa pakhomo?"

"Timasesa."

"Ndiye sesani!"

Anasesa. Anakwirira maenje, anasinja, anasesanso. Amayi ndi madengu, abambo ndi makasu, ana ndi mbale za amayi awo. Miyala yonse ya m'mbali anaipaka laimu. Kamba wina ankangodzidutsira, naye anapakidwa.

Kunatsala mtsinje. Anazula zitseko za tauni yonse, cha tchalitchi chomwe, nkuzikhomera pa mitengo ya bulugamu. Koma nsanamira panalibe.

"Nsanamira ndife!" anatero a Mposadala.

Amuna onse analowa m'madzi nkusenza mlathowo pamapewa, a Mposadala pakati penipeni. Amayi analendewetsa zitenje uku ndi uku kuti pansi pasaoneke.

"Wotsokomola asamuke m'tauni muno!" anachenjeza a Mposadala.

Galimoto ija inabwera, myaa, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Inakwera pa mlatho. Ana inu, ine tsitsi limandiimirira ndikamakamba. Chitsulo chonse chija, pamapewa pa anthu! Mbalame zinaleka kuimba. Mphepo inaima. Ng'ona inatulutsa mutu, inayang'ana, inabwerera chammbuyo mwaulemu.

Pakati penipeni galimoto inaima. A Chikakuda anatsika, chimunthu ngati nkhokwe. Anaponda: di! di! Analumpha: dididi! Pansipo maso a Mposadala tong'o!

"Mlatho wolimba bwanji!" anatero bwanayo. "Anthu a ku Kadzimete, ndayenda dziko lonse, msewu wosalala chonchi sindinauone. Inu simusowa kanthu. Phula lipita ku Thundulo, kwa anzanu ovutika."

Nthungululu zinafera m'khosi. Mayi Nasiyani anawerama ngati akukonza chitenje, nanong'oneza pa mpata wa zitseko: "Mwamva, a tcheyamani? Ulemu wanu uja ndi umenewu."

A Mposadala akayankhula, manyazi. Akapanda kuyankhula, msewu wapita. Nkhanu inawagwira chala chakuphazi, iwo kungoluma mano.

Pamwamba a Chikakuda anakonza kukhosi. "Tandibweretserani mpando pompano. Ndikambeko pang'ono za chitukuko."

Ana inu, mumadziwa pang'ono ya mabwana. Dzuwa limalowa akadali pa malonje!

Pamenepo mawu a tcheyamani anaphulika kuchokera pansi, mtsinje wonse nkuchita mafunde:

"Bwanaaa! Palibe mlatho pano! Mlathowu ndife! Maenje tawakwirira dzulo! Tavutika, bwana, chotsani galimotoyi!"

A Chikakuda anagwada, nakweza chitenje. Anaona mitu, mitu, mitu, kuchokera tsidya lino mpaka tsidya lija, misempha ya m'khosi ili ngati zingwe. Anavula chipewa. Ananong'oneza: "Dalaivala, pang'onopang'ono." Iwo anatsikapo monyang'ama, chimunthu chonse chija.

Phula linabwera ku Kadzimete, ndi mlatho wachitsulo womwe. Koma a Mposadala kuyambira tsiku limenelo ankayenda chonchi, taonani: phewa ili pansi, ili m'mwamba, khosi khotee.

Kusesera mlendo nkwabwino, ana inu. Koma akabwera wodzaona mavuto anu, musiyireni awaone.

Yanga nthano yathera pa mlatho pomwepo.