Telala Amene Anadula M'mphepete mwa Kope

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo pamsika wina wa m'mbali mwa msewu. Anthu ankamuitana kuti aMbewe. Dzanja lake linali labwino, ndipo mwiniwakeyo ankadziwa zimenezo. Mdani wake wamkulu anali ulusi wolendewera. Ukangopatuka kuti upereke moni, malaya ako ali ndi kaulusi pamkono, iye ankayankha moniwo sizasi ili kale m'manja.

Iye ndi mkazi wake, Nankhoma, anakhala zaka zambiri opanda mwana. Atabadwa mwana wamkazi, anamutcha Yankho. Kuyambira pamenepo mayina awo anasintha. Mwamuna anakhala bambo a Yankho, mkazi anakhala amake Yankho. Koma mwanayo sanakhalitse. Asanayambe n'sukulu yomwe, malungo anamutenga m'nyengo ya dzinja. Chithunzi chake panalibe. Ankati adzamujambulitsa tsiku loyamba sukulu, atavala yunifolomu yosoka bambo ake.

Telala uja misozi sanagwetse. Iye analira ndi manja, monga amachitira amuna ambiri. Maliro atatha anasonkhanitsa timadiresi tonse timene anasokera mwanayo, nagawira achibale, kuti mkazi wake asamatione. Kambale kake anakapereka kwa anansi. Ngakhale dzina analichotsa m'nyumba, nayambanso kuitana mkazi wake kuti Nankhoma ngati kale. Sikuti inali nkhanza ayi. Munthuyo ankamukonda mkazi wake. Kungoti ankayesa kuti chisoni ndi ulusi wolendewera, ukaudula chovala chimakhala bwino.

Mkaziyo anangopitiriza ntchito zake. Ankaphika, ankasesa, akafunsidwa ankayankha. Kuseka kokha n'kumene kunatheratu. Ndipo panali chinthu chimodzi chimene sankasiyana nacho: kope lakale lachikuto chofewa, longa la ana asukulu, m'mene ankalembamo nyimbo ndi mavesi akakhala m'tchalitchi. Akamaliza ntchito ankakhala pamkeka n'kulitsegula. Sankaimba, sankawerenga mokweza. Chala chokha chinkayenda pang'onopang'ono pamasamba.

Mwamuna wake sankadziwa bwino za m'kopemo. Kutchalitchi kwawo amuna ankakhala mbali yawo, akazi ndi ana mbali inayo, ndiye sanaonepo mmene linkalembedwera. Ankangoyang'ana chapatali n'kumati mumtima, mawu a Mulungu akumutonthoza. Kufunsa sanafunse.

Kopelo linali litatopa. Chikuto chinali chitang'ambika pakati, timawaya ta pamsana titachita dzimbiri, masamba ena akungotsala pang'ono kuthothoka. Telala akaliona mtima unkamuwawa, mwina chifukwa cha mkaziyo, mwina chifukwa cha kung'ambikako. Ine sindidziwa, ndipo ndikukaika ngati mwiniwakeyo ankadziwa.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti mayi ake a Nankhoma akudwala kumudzi. Kunja kunali mvula. Mkaziyo anatenga kope lija, naliyang'ana nthawi yaitali, kenako analikulunga m'chitenje n'kuliika kunsi kwa pilo. Anati, "Mvulayi ingandimalizire panjira." Atatero ananyamuka.

Apo mpamene maganizo anamufikira telala. Anati mumtima, mkazi wanga ndalephera kumuseketsa ndi mawu, koma manjawa alipo. Ndilipangira chikuto cholimba, chonga cha Baibulo, choti adzakalamba nacho. Akadzabwera adzaona kuti ndimamuganizira. Mwina kuseka kuja kudzabwerera m'nyumba muno.

Kwa mwini sitolo anakapempha katoni ya sopo, yolimba ija. Kwa kalipentala anakapemphako guluu m'kachitini. M'thumba la zidutswa anasankha nsalu yotsala ya suti, yakuda, yosalala bwino. Tsiku limenelo makasitomala anapeza pakhonde pali pululu. Telala anali kunyumba, atatseka chitseko, zida zonse zili patebulo.

Anayamba ndi kuzula timawaya tija, mosamala ngati akuchotsa minga kuphazi la mwana. Masamba anawasanja bwinobwino, naboola timabowo pamsana, nawasoka ndi ulusi wa nsapato. Msoko wake unali wowongoka, woti munthu n'kuuonetsa kwa alendo. Mpaka pamenepa palibe amene akanamunena. Akanangodula katoni yake n'kumata, bwenzi lero ine ndikukusimbirani nkhani ina.

Koma atagoneka masambawo pansalu ya suti ija kuti ayeze, maso ake anaona chimene sakanatha kupirira. M'mphepete mwa masamba munali mwakuda ndi thukuta la manja, mopotana ngati fodya wouma. Zolemba za mkazi wake zinali pakati, za bolopeni, zaudongo. Koma m'mbali monse, tsamba ndi tsamba, munali modzaza timizere ta pensulo, tokhotakhota, tina tozungulira, ngati papalasa nkhuku.

Anapukusa mutu. "Suti yatsopano, malaya akuda kolala?"

Musaganize kuti anali munthu wopupuluma. Anaunika tsamba lililonse kuti aone pamene mawu a mkazi wake akulekezera. Anayeza ndi tepi, nayezanso, kuti mpeni usakhudze ngakhale chilembo chimodzi. Maso ake ankafuna mawu, ndiye anaona mawu okha. Atakhutira anapanikiza masambawo pakati pa matabwa, nanola mpeni pamwala, nagoneka rula yachitsulo m'mphepete.

Mpeni unatsika. Kumbali, kumwamba, kumunsi.

Tizidutswa tinagwa pansi ngati nthenga za nkhuku yososoledwa. Munthu waukhondo sasiya zinyalala. Anatiwola tonse, natiika m'simbi ya makala, nakhwatcha machesi. Mapepala akale sachedwa kuyaka. Makala anakolera, ndipo ndi moto womwewo anasita nsalu ya chikuto. Ine ndikafika pamenepa thupi limachita tsemwe, chifukwa munthuyo ankasita akuimba mluzu.

Zotsalazo zinayenda ngati madzi. Anadula katoni zidutswa ziwiri zofanana, ndi kena kakang'ono ka pamsana. Anazimata pansalu, nasiya mpata woti buku lizitseguka, napinda ngodya monga amapindira kolala. Masamba anawalowetsa m'kati, namata loyamba ndi lomaliza kuchikuto, nasanjikiza mutu wa makina osokera pamwamba kuti guluu agwire. Litauma, analinyamula m'manja. Linali buku lenileni, lolemera, m'mphepete muli mbee!

Sanapirire. Anakaonetsa kalipentala uja, ndipo kalipentalayo anaomba m'manja. "AMbewe, ili ndiye la m'sitolo! Mlamu akaliona akuphikirani nkhuku." Telala anabwerera kunyumba akuyenda ngati wapambana mlandu.

Patapita masiku angapo, Nankhoma anafika masana, dzuwa lili pamutu. Mayi ake anali atapezako bwino. Mwamuna anadikira kuti amwe madzi ndi kutula mtima, kenako anamuika bukulo pamiyendo. "Nankhoma, ndakusungirani kanthu."

Mkaziyo sanalizindikire. Analitembenuza uku ndi uku, nasisita nsalu ija ndi chikhatho. Ndipo, zoona, pakona pa milomo yake panayamba kuoneka kumwetulira, koyamba chichokereni kumanda.

Kenako anatsegula.

Kumwetulira kuja kunazima. Anavundukula tsamba lina, ndi linanso, mofulumira, mofulumira, mpaka kumapeto. Anabwerera koyambirira. Anasuzumira kunsi kwa chikuto. Analigwira bukulo chozondotsa n'kulikutumula, ngati kuti muli kanthu kamene kagwe. Sipanagwe kanthu. Pamenepo anakuwa. Mfuu wake unali womwe uja anakuwa kuchipatala tsiku limene mwana anatsikira kulichete.

Nkhuku zinabalalika pabwalo. Anansi anasiya mitondo ndi miphika n'kuthamanga, poyesa kuti kwabwera uthenga wa maliro a mayi aja. Anafika n'kuima pakhomo, kukamwa kuli yasa, chifukwa anangoona mkazi atafumbata buku lokongola ndi mwamuna ataima ngati chitsa.

"Mawu onse alimo," anatero telala. "Ndinayeza ine. Sindinadule ngakhale chilembo chimodzi."

Mkazi anakweza maso. "Bambo a Yankho, mwana wanga mwamuika kuti?"

Dzina limenelo linali lisanamvekenso m'nyumbamo chiikireni maliro. Telala anayesa kuti mkazi wake mutu wasokonekera, poti onse awiri ankadziwa kumene mwana anagona.

Koma mkaziyo anali bwinobwino. Anayankhula pang'onopang'ono. "M'tchalitchi akayamba kuvuta ndinkamupatsa kapensulo. Ndinkati, pakatipa ndi panga, m'mbalimu ndi mwako. Madiresi munagawa, ndinakhala chete. Mbale munapereka, ndinakhala chete. Dzina munalichotsa pakamwa panu, ndinangoti poti dzanja lake ndatsala nalo. Nyimbozi ndimazidziwa pamtima, bambo. Mumayesa ndimakhala ndikuwerenga nyimbo?"

Mayi wina pakhomo anagwira kumutu. "Kalanga ine!"

Telala anathamangira kuseri kwa chitseko kumene kunali simbi. Anaitsegula, nakhuthulira za m'katimo m'manja mwake. Linali phulusa lokhalokha, lozizira. Analifukula ndi zala, zala zomwe zija zimene sizinkaphonya ulusi m'diso la singano. Munalibe kanthu. Madzi akatayika saoleka.

Atabwerera anapeza mkazi wake ataima pa tsamba limodzi, chala chili m'mphepete. Pamenepo mwana anali atadumpha malire pang'ono n'kulowa mbali ya amake, ndiye mpeni unasiyako kanthu. Panali theka la kamutu kozungulira, diso limodzi, khutu limodzi, ndi kamzere katali kolendewera m'khosi. Theka linalo linapita ndi mpeni.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa telala, mawu akuchita kunong'ona.

"Ndinu," anayankha mkazi. "Chingwecho ndi tepi yanu. Ankasuzumira mbali ya amuna ija, akakuonani n'kumandikoka nsalu, amvekere, amayi, ndikulemba ababa. Masamba onse aja munali inu."

Munthu uja anakhala pansi pomwepo, padothi, phulusa lili m'manja. Anayang'ana theka la nkhope yake. Pakamwa pake panatuluka dzina la mwanayo. Analiitana, naliitananso, akulira ngati kamwana pamaso pa anansi onse.

Bukulo likadalipo. Chikuto chake n'cholimba ndithu, sichidzang'ambika msanga.

Inu amene mukundimva, munthu uyu sanali woipa. Anali ndi chikondi, anali ndi luso, anayeza mosamala. Chimene analibe ndi funso limodzi lokha: mkazi wanga, m'bukuli mumaonamo chiyani? Akulu anati safunsa anadya phula, koma uyu phulalo anadyetsa ndi mnzake yemwe. Kunyumba kwanu kuli munthu amene akukakamira chinthu chimene kwa inu ndi chinyalala, kaya ndi kansalu kakutha, kaya ndi dzina limene inu mwatopa kulimva. Manja anu akuyabwa kuti mumukonzere. Musananole mpeni, khalani naye pamkeka, mumufunse, ndipo mudikire mpaka ayankhe. Mwina chimene mukufuna kudulacho n'chokhacho chimene watsala nacho, ndipo mwina inu muli momwemo.