Mkamwini ndi Mavu a M'chigafa

Kalekale, kumudzi wina wa m'mphepete mwa dambo, kunali mkamwini dzina lake Kadzakumanja. Khalani chete kumbuyoko, sindibwereza. Munthuyu anakhala kwawo kwa mkazi wake Nankhoma zaka makumi atatu. Anamanga nyumba, anakumba chitsime, analera ana asanu. Koma pakagwa nkhani, alamu ake ankangoti, "Inu obwera, khalani kaye chete."

Chaka china fodya wake anachita bwino. Masamba anapsa, nthawi yothyola inakwana. Tsono fodya sadikira munthu: ukachedwa, amawolera m'munda momwemo. Kadzakumanja analowa m'chigafa chake, mopachika fodya muja, kuti akonze mikangala, mitengo yoyanikapo masambawo. Asanagwire n'komwe mtengo, china chinamuluma pakhosi. China pakhutu. China pachikope. Anatuluka ali liwiro, chipewa n'kutsala m'mbuyo.

Atacheuka, anaona chisa cha mavu chachikulu ngati dzungu, chili lende pamtanda wa kumapeto.

"Mayo ine! Mitengo ndadula ndekha, udzu ndamweta ndekha, lero eni chigafa akhala mavu?"

Alamu ake atatu anabwera. Kudzathandiza? Ayi, kudzaseka diso lotupalo.

"Alamu, diso lokongola chonchi mwagula kuti?" anatero Sikelo, wamkulu mwa iwo. "Yatsani muuni, muwaotche basi."

"Apopereni mankhwala a thonje," anatero wachiwiri.

"Agendeni ndi miyala, ife tiima patali uko," anatero wachitatu.

Nankhoma anawayang'ana onse. "Moto pansi pa denga la udzu? Mankhwala pamalo opachika fodya? Achimwene, bwererani kwanu."

"Kwathu ndi konkuno, chemwali," anatero Sikelo. "Wokhala ndi kwawo ndi uyu."

Mawu amenewo anamuluma Kadzakumanja kuposa mavu. M'mawa mwake, mame asanaume, anamanga muuni, n'kuuyatsa. Mumtima ankati lero wina aona, kaya mavu, kaya chigafa, kaya mudzi wonse.

Ataima pakhomo, anaona mavu akuchokera kumunda kwake. Woyamba ananyamula mbozi yobiriwira, ija imaboola masamba a fodya. Wachiwiri, mbozi. Wachitatu, mbozi. Onse ankalowa nazo m'chisa kukadyetsa ana awo.

Kadzakumanja anaima nthawi yaitali, muuni ukunyeka m'manja.

"Ha! Kani nanunso ndinu akamwini? Mwamanga pamalo a eni. Mukugwira ntchito m'munda wa eni. Malipiro ake moto."

Anazika muuni m'matope, n'kuupondaponda.

"Nankhoma! Ndibwerekeni mphasa ziwiri."

"Mphasa zanga zatsopano zija? Mukufuna kuwayalira agonepo?"

"Bweretsani basi, mayi. Fodya akuwola."

Tsiku lotsatira analawira kudakali kozizira, nthawi imene mavu amakhala aulesi. Anapachika mphasa zija, n'kutchinga mbali ya chisa. Anazungulira kuseri, n'kusolola udzu, n'kusiya chiboo choloza kumunda. Mavu anapeza khomo lawo, iye anatsala ndi lake. Malo a mikangala itatu anawasiyira eni chisa, ngakhale kuti zinamuwawa. Kwina konseko anapachika fodya. Ankayenda pang'onopang'ono, osakupiza manja, osagunda mtanda. Mavu ankamudutsa ngati chitsa.

Mudzi wonse unaseka. "Alamu ayamba kuweta mavu!" anakuwa Sikelo. "Mawa atigawira mkaka!"

Sabata isanathe, Sikelo anapezanso chisa m'chigafa chake. Chinali chaching'ono, ngati chibakera cha mwana. Kufunsa sanafunse. Wobwera angamuuze chiyani? Anayatsa muuni, n'kuukweza m'mwamba. Udzu unagwira, mikangala inagwira, fodya anagwira. Mavu anauluka amoyo. Anthu anathamanga ndi ndowa, ndipo madzi ozimitsira anatunga pachitsime cha wobwera yemweyo. Chinatsala ndi phulusa.

Madzulo a tsiku lomwelo Sikelo anafika, chipewa chili m'manja, nsidze zitapserera.

"Alamu, ndatsala ndi fodya pang'ono m'munda. Kodi m'chigafa mwanumu mulibe kamalo?"

Kadzakumanja anamuyang'ana ndi diso lija linatupa.

"Kamalo kalipo, kuseri kwa mphasako. Pitani mukapemphe eni ake. Ndi obwera anzanga, mulankhule nawo mwaulemu."

Nankhoma anaseka mpaka kugwira nthiti. Kenaka Kadzakumanja, uku akung'ung'udza, anathinanitsa mikangala yake, n'kumupachikira mlamu wakeyo fodya.

Chisanu chitafika, mavu anachoka okha, chisa chinatsala chopanda kanthu. Fodya wa Kadzakumanja anauma bwino, tsamba lopanda chiboo. Mukuganiza kuti anamuyamika? Anthu ankadutsa n'kumati, "Fodya wa kwa Nankhoma wakongola chaka chino!" Anthu ndi choncho. Ine ndikuwadziwa.

Tsono imvani, ngati makutuwo si okongoletsa mutu chabe. Chinthu chikamanga pamalo panu, musathamangire moto. Yambani mwaona chimene chanyamula pochokera kumunda. Chipatseni khomo lake, inu musunge lanu. Ndikudziwa kuti mawa lomweli mukagenda chisa, mudzabwera kuno maso ali otupa. Musadzandidzutse.

Nthano yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ija, ndipo yaikuluyo ndi yanga.