Mwana Wosapatsidwa Dzina ku Ntaja

Pemphero la swala ya masana litatha, Che Jafali, wogulitsa nsalu pamsika wa Ntaja, anafika pamadarasa a Shehe Mdoka. Anawapeza akusoka mkeka wong'ambika wa ophunzira. Anapereka salamu, nakhala pansi.

"Shehe," anatero, "mkazi wanga Asiyatu wabereka mwana wamkazi, lero ndi tsiku lachisanu chibadwire. Koma mwanayo alibe nsonga za mabere. Pachifuwa pake ndi posalala ngati pachikhatho."

"Achipatala anenapo chiyani?"

"Akuti zimachitika, koma mwa apo ndi apo kwambiri. Namwino wagwira ntchito zaka makumi awiri, sanazionepo. Akuti tipite naye kuchipatala chachikulu akamuyeze bwino, chifukwa nthawi zina vutoli limabwera ndi ena."

"Mwapita?"

Che Jafali anayang'ana pansi. "Ayi. Abale anga akuti Asiyatu analakwa penapake ali woyembekezera, ndipo ndimubweze kwawo. Sindinalowe m'chipinda mwake masiku atatu. Dzina la mwana sindinaliganizire n'komwe. Inu mwawerenga zambiri. Ndiuzeni, walakwa ndani?"

Shehe anabaya singano pamkeka.

"Chifukwa chimene thupi lake laumbikira chonchi, ine sindichidziwa," anayankha. "Madokotala akudziwa kundiposa, ndipo mawa mupite naye. Koma m'zonse ndawerenga sindinapeze pamene khanda limasenzetsedwa tchimo la mayi ake, kapena pamene mkazi amaweruzidwa popanda mboni."

"Nanga akadzakula adzamukwatira ndani? Adzayamwitsa bwanji?"

"Che Jafali, mukulirira mdzukulu amene sanabadwe. Amene wabadwa ali kwanu, ndipo akuyamwa kwa mayi amene akulira yekha m'chipinda. Kodi mwanayo maso ake ndi otani?"

Che Jafali ananena motsitsa: "Sindinawaone. Ndinangoona pachifuwa."

Misozi inatsikira m'ndevu zake. Shehe anamulola alire, osamufulumiza.

"Ndichite chiyani tsono?" anafunsa Che Jafali.

"Pitani mukamunyamule, mukamuyang'ane kumaso. Mukapepese kwa amayi ake. Mkuja ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, lopatsa mwana dzina, ndidzabwera kudzamva dzina lake kuchokera pakamwa panu. Tsiku la chiweruzo Allah sadzakufunsani chifukwa chimene mwanayu anabadwira chonchi, pakuti kuumba ndi ntchito yake. Adzakufunsani mmene munamulandirira."