Buluzi ndi Mchira wa Ganyu

Padangokhala chaka china cha njala, ntchentche nazo zitaonda, Buluzi anamva kuti pansi pa mkuyu pali mpikisano wogwetsana, ndipo wopambana amanyamula lichero la ngumbi zokazinga. Malovu anadzaza m'kamwa. Anathamangira kwa mayi Nkhanga, oyimbira masewerowo.

"Mayi, nanenso ndine wogwetsana."

"Ndi timanja timeneti? Malamulo ukuwadziwa?"

"Kwambiri! Koma tangondikumbutsani."

"Mulowa awiri m'bwalo ili. Umugwira mnzako m'chiuno kapena m'miyendo, umutchera mwendo, agwe. Msana wake ukagunda dothi, ine n'kumenya pansi katatu asanadzuke, wapambana. Kuluma ayi, kukanda ayi, kutosa m'maso ayi. Wovulaza mnzake waluza, ngumbi zipita kwa wovulazidwayo."

"Lomalizalo tabwerezani, mayi," anatero Buluzi, maso ali waliwali.

Woyamba kukumana naye anali Nyani, katswiri amene ankadyera momwemo. M'mawa ankanyamula miyala, masana n'kumagwetsa anzake, ndipo ana ake anali onenepa chaka cha njala chomwecho.

"Achimwene," ananong'ona Buluzi, "gwirani paliponse, koma mchira wokhawu ayi. Mphamvu zanga zonse zili mmenemo."

Wezulo italira, Nyani anangoti mchirawo gwi! Nawo unangoti thotho, n'kuyamba kuphiriphitha pafumbi.

"Mayo ine! Mchira wondisiyira malemu agogo!" analira Buluzi akugubuduzika.

"Ndangokhudza chabe!" anatero Nyani.

"Nanga chikuvina apocho n'chiyani?" anafunsa mayi Nkhanga. Lichero linapita kwa Buluzi.

Anakabisala m'mng'alu wa thanthwe, akudya ngumbi, mpaka mchira wina unamera. Atabwerera anapeza Njiri, amene analumbira kuti mchirawo sauyandikira n'komwe. Buluzi anamuzungulira, kumuzungulira, mpaka Njiri anachita chizungulire. Pamene ankadzandira, Buluzi anangolowetsa mchira pansi pa chiboda. Thotho!

"Mayo ine! Mchira wondisiyira malemu agogo!"

"Wa agogo suja unaduka kale?" anafunsa Nyani ali m'gulu la oonerera.

"Uja unali wa agogo aamuna!"

Njiri anagwada n'kupepesa, misozi ili mbwembwembwe. Lichero lachiwiri linapita.

Tsopano Buluzi anayamba kuyenda chotukula chifuwa, akudzitcha Namondwe. Ndiye kunamveka kuti kukubwera mpikisano waukulu, wolimbirana lamba wa ngwazi ndi dengu lathunthu la ngumbi, ndipo wolimbana naye ndi Chiuli. Tsoka la Buluzi, mchira unali usanamere. Kunali kachitsa chabe. Koma dengu lathunthu! Buluzi anatsikira kudambo kwa Nyongolotsi.

"Alamu, pali ganyu. Ntchito yake ndi kugona pansi n'kumadzipotokola."

"Imeneyo ndiye ndimaitha. Mundipatsa chiyani?"

"Ndowe za njati, zonyowa bwino. Koma pakamwa mutseke. Mchira sulankhula."

Anamumata kumbuyo ndi ulimbo, n'kumupaka fumbi kuti afanane ndi khungu lake.

Tsikulo kunadzaza nyama mpaka m'nthambi za mkuyu. Wezulo inalira. Chiuli asanatambasule n'komwe dzanja, Buluzi anadzikhula pamuzu, Nyongolotsi n'kugwa. Anadzipotokola mwaluso ndithu, kuposa mchira weniweni.

"Mayo ine! Wandiduliranso!"

Mayi Nkhanga anayandikira kuti aone umboni. Nawonso njala inali itawakhaulitsa. Anapendeketsa mutu, kuyang'ana ndi diso ili, kuyang'ana ndi linalo.

"Koma mchira uwu ngwonona," anatero, n'kuujompha pang'ono.

"Mayi, musandidye!" unakuwa mchira. "Ine ndine wa ganyu chabe!"

Nyama zonse zinatembenukira kwa Buluzi.

"Mwamva nokha!" anafuula Buluzi. "Ululu wake mpaka mchira walankhula!"

Koma mchirawo unali utalowa kale m'dothi, ukunena kuti ndowezo adye yekha.

"Popeza palibe wovulala," anatero mayi Nkhanga, "masewero apitirire."

Buluzi anayang'ana kothawira, koma uku kunali Nyani, uko Njiri. Chiuli anamugwira m'chiuno ndi zala ziwiri, kumukweza m'mwamba, kumuti pansi khu! n'kumukhalira.

Mayi Nkhanga anamenya pansi kamodzi. Kenaka anakumbukira kuti ali ndi ludzu, n'kupita kumtsinje. Atabwerako anamenya kachiwiri, n'kuyamba kufunsa Njiri za moyo wa kunyumba, mwana mmodzimmodzi.

"Mayi, menyani kachitatu!" anachonderera Buluzi pansi pa Chiuli. "Ndaluza ine! Ndaluza!"

"Usandifulumize, Namondwe. Ntchito iyi imafuna kudekha."

Pamene Chiuli ankadzuka, mayi Nkhanga atamenya kachitatu, Buluzi anali ataphwatalala ngati chikondamoyo chokhaliridwa. Anachita kumumatula pansi ndi kamtengo.

Mukamuona lero pathanthwe dzuwa likuswa mtengo, akutsika ndi kukwera pa timanja take tija, musamusokoneze. Akuti akulimbitsa thupi kuti akabwezere. Koma mukangotchula dzina la Chiuli, amati psiti m'mng'alu, kukaona ngati anatseka chitseko.