Kankhokwe ka Fumbi

Kalekale, kuseri kwa phiri lina, kudali mudzi wa anthu odziwa kulima koma osadziwa kuthokoza. M'mudzimo mudali mkamwini dzina lake Chadewa. Munda udali wa kuchikazi, nyumba ya kuchikazi, nkhokwe ya kuchikazi. Chake chenicheni chidali chimodzi basi: galu wotuwa, dzina lake Fumbi.

Tsiku lina Chadewa, akufuna luzi kuthengo, adagwera m'mbuna nathyoka mwendo. Adakuwa, osamveka. Adalira, osamveka. Adapemphera, kuli zii. Fumbi adathamangira kumudzi, naluma nsalu ya Nangondo, mkazi wa Chadewa, n'kumaikoka mpaka mayiyo adaitana amuna ndi kumulondola. Adamuvuula Chadewa ali moyo.

Akuchira pakhonde, Chadewa adaona kadyedwe ka galu wakeyo, ndipo adachita manyazi. Mkute ankamuponyera padothi. Nkhuku zijompheko, nkhumba ilandeko, Fumbi n'kutsala akunyambita fumbi lenilenilo.

"Amene adanditulutsa m'dzenje azidyera pansi?" adatero Chadewa. "Iyayi, ndakana."

Adadula nsungwi, nazisenda, naluka kankhokwe kofika m'chiuno. Adakaimika pa mphanda zinayi, nakamata ndi dothi kuti makoswe asalowe, nakafolera ndi udzu. Kunsi kwake, pamthunzi, adakhazika mapale awiri pamiyala, lina la chakudya, lina la madzi, nazinga kampanda kuti nkhumba ziziona ndi maso okha.

Tsono Nangondo akakonola chimanga, gaga yense ankamuyanika bwinobwino, Chadewa n'kuthira m'kankhokwemo. Tsiku ndi tsiku ankatapamo pang'ono, kuphika phala, kuthira m'phale. Wothiramo ankachuluka kuposa wotapamo, ndipo kankhokwe kadadzaza.

Mlamu wake, Kalinde, adafika akuseka.

"Alamu, mwamangira galu nkhokwe? Mawa mumufunsira mbeta?"

"Akafuna, ndimufunsira," adayankha Chadewa.

Amayi kumtondo adaseka, abambo pabwalo adaseka, ana nawo adaseka osadziwa n'chomwe akusekera.

Koma inu, dziko silipangana ndi munthu. Chaka chimenecho mvula idadula chimanga chili m'mawondo. Njala isanafike pachimake, Nangondo adadwala, namwalira osasiya mwana. Chadewa adalira kwambiri, pakuti adamukonda mkaziyo.

Maliro atatha, akuchikazi adamusudzula monga mwa mwambo, kuti abwerere kwawo.

"Alamu," adatero Kalinde, "mudziwa kale. Munda ngwathu, ndiye nkhokwe yaikuluyi itsala. Tengani khasu lanu ndi mphasa yanu."

"Ndamva, alamu. Nanga kankhokwe ka Fumbi?"

"Aa! Tengani, tengani! Ife pano sitidya za agalu."

Chadewa adafika kwa mlongo wake Nasiketi atasenza kankhokwe pamutu, akutsimphina, Fumbi ali pambuyo. Kumeneko njala idali itafika kale. Pamoto padali pozizira, ndipo ana atatu a mlongo wakeyo adali gone pamphasa, osatha n'kulira komwe.

"Achimwene, mwatibweretsera chiyani?" adafunsa Nasiketi.

"Ine ndilibe kanthu, mlongo wanga. Ali ndi chakudya ndi uyu."

Chadewa sadangopisamo dzanja ayi. Adaimika kankhokwe pa mphanda zake, nakhazika mapale aja, nagwada pamaso pa galu, n'kuomba m'manja monga achitira mlendo pakhomo pa eni.

"Fumbi, bwenzi langa, gagayu ndidakupatsa, ngwako. Lero ndabwera kudzapempha. Ana akufa."

Fumbi adamuyang'ana, nagwedeza mchira, nachoka pamthunzi paja kukagona pafupi ndi ana. Chadewa misozi idagwa.

Kuyambira tsiku limenelo Nasiketi ankasinja gaga, kusefa, kuphika phala. Chipande choyamba chinkapita m'phale la mwini chakudya, kenaka ana, kenaka akulu. Phala lake lokhakhala pakhosi, losakoma, koma linkagwira m'mimba. Fumbi adaonda mpaka nthiti kuonekera, koma sadalandepo mwana chakudya. Mvula idabwera, adabzala, adapalira. Tsiku lomwe Nasiketi adakokota gaga womaliza pansi pa kankhokwe, maungu oyamba adali atakhwima kumunda.

M'midzi yozungulira adakumba manda ambiri chaka chimenecho. Pakhomo pa Nasiketi sadakumbe ndi amodzi omwe.

Pa nthawi yokolola, Nasiketi adaitana ana ake atatu aja, nawagwaditsa patsogolo pa galu.

"Thokozani," adatero. "Amalume anu adakusenzerani, koma amene adakudyetsani ndi awa."

Ana adaomba m'manja, nati, "Zikomo, a Fumbi." Ndipo padalibe woseka.

Mwamva, inu nonse muli pano? Akulu adati kupatsa n'kuika. Wakuchitira zabwino umuthokoze ndi manja, osati ndi pakamwa pokha, kaya ali ndi miyendo iwiri kaya inayi. Ndipo inu amene mumaponyera galu chakudya padothi, ndakuonani, musayang'ane kumbali.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa athamange, ikupserera.