Mano a Malemu Laston

Kalekale, osati kale kwambiri, koma ena mwa inu munali musanakwatiwe, m'tauni ina yomwe sindiitchula poti muli ndi abale kumeneko, munali bambo wina wa zisudzo dzina lake Laston Kamphinda. Nkhope yake inali yokwinya ngati wamwa mankhwala owawa. Kuukwati, kumaliro, kutchalitchi, nkhope imodzimodzi.

Tsono anamutenga mufilimu ina kuti akhale bambo wothawa banja n'kukakhala ku Joni zaka khumi ndi zisanu. Anajambula zonse, kunangotsala gawo lomaliza: bamboyo abwerere, aime pakhomo, aone mwana wake wamkazi atakula, amwetulire. Kutatsala masiku awiri, Laston anagwa kubafa, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti atatisiya.

Mwini filimu anati basi zathera pomwepa. Koma anthu atatu anamudzutsa Laston kumanda.

Woyamba anali Yobe, mng'ono wake wa malemu, kalipentala. Msinkhu wawo unali umodzi. Laston ankatsimphina mwendo wamanzere, ndiye Yobe anavala suti ya malemu, n'kuponya kamwala munsapato, n'kumayenda choncho milungu itatu mpaka anazolowera. Mkazi wake atamuona akulowa pageti ndi suti ija, akutsimphina, anamanga katundu n'kupita kwawo ku Ntcheu. Anati iye sanakwatiwe ndi mzukwa. Mpaka lero sanabwerere. Yobe ndi amene anaima pakhomo lija pamaso pa kamera.

Wachiwiri anali Ndaziona, mayi wodziwa kompyuta. Ntchito yake inali kufufuta nkhope ya Yobe n'kuikapo ya Laston, chithunzi chimodzichimodzi, kwa miyezi inayi. Maso anaonongeka, lero amavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Koma anafika pena n'kukanika. Pankafunika kumwetulira. Anapita kwa mkazi wa malemu, mayi Nangozo, ndipo iwo anatulutsa zonse: zithunzi za ukwati, vidiyo ya ubatizo wa ana, ngakhale za paulendo wa mpingo. Palibe n'chimodzi chomwe Laston anaonetsa dzino. Ndaziona anayesa kukoka milomo ndi kompyuta, koma zinatuluka ngati galu wofuna kuluma.

Wachitatu anabwera yekha, wosaitanidwa. Anali Esinta, wa saluni ya kuseri kwa depoti. Analowa, n'kuika foni patebulo.

"Ndamva mukusowa mano a Laston. Ndi awa."

Abale anga, mufonimo munali zinthu. Laston akuseka mpaka misozi. Laston akuvina atamanga thaulo kumutu. Laston akudya mango, madzi akuyenderera m'chigongono. Ndaziona sanafunse zambiri. Anasankha kumwetulira kumodzi n'kukuika pathupi la Yobe.

Tsiku loonetsa filimu, holo yonse inalira. Mayi Nangozo okha sanalire. Magetsi atayaka anatembenukira kwa Ndaziona.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndakhala naye munthu uja, mano amenewo sindinawaonepo. Mwawatenga kuti?"

Ndaziona anangonyamuka n'kutuluka. Koma pofika mawa lake msika wonse unali utadziwa. Ine ndinangouzako anthu awiri okha.

Patapita miyezi kunabwera kalata. Pampikisano waukulu wa mafilimu ku likulu, filimu ija inapambana mphoto ya luso loonetsa pakanema zinthu zimene kamera sinazione. Koma lamulo lake linali lakuti pachikho cha mphotoyo alembepo dzina limodzi, ndipo akwere kukalandira munthu mmodzi, dziko lonse likuonera pa TV.

Yobe anati dzina likhale lake. Popanda thupi lake, nkhope ija ikanamangoyandama ngati chibaluni. Komanso, anatero, pa atatuwa ndani wina amene banja lake linatha chifukwa cha filimuyi?

Ndaziona anaseka. Anati mphotoyo ndi ya luso, si ya kutsimphina. Awapatse Yobe ndi Esinta suti ndi foni, awatsekere m'chipinda chaka chathunthu, aone ngati mutuluke Laston.

Esinta ndiye anthu anamuthamangira kukamulangiza. Azimayi a mpingo anati akhale chete, achite manyazi, aganizire mayi wamasiye ndi ana. Mwini filimu anamulonjeza kuti amuthokoza mwamseri. Iye anapitiriza kuluka kasitomala wake, kenako anaika chipeso pansi.

"Pamaliro munandiimika kumsewu, ngakhale dothi sindinaponye. Ndinakhala chete. Lero mukuombera m'manja kumwetulira kuja, ndiye mukuti ndibisalenso? Mukudziwa amene ankamumwetulira? Foni ija ndinaigwira ndine. Ankayang'ana ine. Ndikakwera, ndipo ndikavala zofiira."

Mawuwa anawafika mayi Nangozo lisanalowe dzuwa. Anthu ankayesa akamenya munthu kusaluni. Ayi ndithu. Anati iwo chikho sakuchifuna, nyumba yawo ili ndi zokongoletsa zokwanira. Koma anakasoketsa diresi yatsopano, n'kuuza mwini filimu kuti awasungire mpando wakutsogolo, pakati penipeni, iwo ndi ana awo atatu. Anati chilolezo chogwiritsa ntchito nkhope ya mwamuna wawo anasaina okha, ndiye akufuna akamuone bwinobwino m'maso amene akakwere masitepe aja.

Wolemba pachikho akudikira ndi chitsulo chake m'manja. Pali thupi la Yobe, pali manja ndi maso a Ndaziona, pali foni ya Esinta, ndipo mayi Nangozo akhala kale pampando wawo. Tsono inu, musandiyang'ane ine: alembepo dzina la yani?